Kumbuyo kwa Bwana Kachetechete

Chipatala cha ku Zomba,
20 Ogasiti 1933

Okondedwa akazi anga a Teleza,

Ndayamba ndi moni. Muli bwanji kumeneko pamodzi ndi apongozi anga ndi onse a pakhomo? Ine ndili bwino, kungoti thupi lokha ndilo lili ku Zomba. Mtima unatsalira pa siteshoni ya Khonjeni pamene munaima mutafunda nsalu kumutu chifukwa cha chiperoni. Alamu anga a Blackson, ndikudziwa kuti mukuwerenga ndinu poti mlongo wanu zilembo sazidziwa. Werengani zonse. Musadumphe mizere ya chikondi ngati mmene anthu anu amadumphira mizere ya tiyi inu a kapitawo mukatembenuka.

Ntchito ya udilesala ndaiyamba. Ndinkayesa kuti ndizingomanga mabala, koma andiika ku fiyeta, chipinda chimene amang'ambiramo anthu. Dokotala wake ndi mzungu wamtali, woonda ngati bulugamu. Kuno amamutcha Bwana Kachetechete chifukwa mawu amachita kuwaumira. Akafuna mpeni amangotambasula dzanja, iwe udziwe wekha kuti ndi mpeni uti. Ukampatsa wolakwika sakalipa ayi, amangousiya kuti ugwe pansi, basi ukawiritsenso. Ntchito yanga ndi kuwiritsa zitsulo, kugwira nyale, ndi kuima kumbuyo kwake nkumayang'ana. Tsiku loyamba ndinayang'anadi, mpaka ndinadzidzimuka ndili panja pa kapinga, Sisitala akundikupiza ndi chivundikiro cha beseni. Anzanga mpaka lero akunditcha Chikomokere.

M'mawa ndimamutsatira m'mawodi nditanyamula thireyi ya thonje. Akafika pa wodwala amatsinzina, nkumamuyenda pamimba ndi zala ngati mayi wosankha mavwende pa msika. Akapeza Mlomwe wosamva Chinyanja amandikodola, ine nkumasulira. Pamenepo ndimayendako ngati munthu.

Koma zimene ndikuona, a Teleza! Munthu amabwera ndi chotupa ngati dzungu. Amamununkhiza mankhwala pa kansalu, iye tulo. Akamadzuka dzungu lija lili m'beseni, mwini wake nkumafunsa kuti kodi ayamba liti.

Ndasowa kalongonda wanu. Kuno nyemba amaphika ngati akulanga akaidi. Mphepo ikaomba m'mawa ndimanunkhiza ngati galu kufuna fungo la masamba a ku fakitale, koma chilichonse chimanunkha mankhwala, ndi manja anga omwe. Ndilembereni zonse, ngakhale za nkhuku.

Ine mwamuna wanu,
Fabiano


Pa esiteti, kufupi ndi Khonjeni,
10 Seputembala 1933

Alamu,

Kuno tonse tili moyo, kaya inu a dokotala. Kalata yanu ndinaiwerenga Lamulungu titaweruka ku tchalitchi, pansi pa mango a pakhomo pa amayi monga mwa nthawi zonse. Mukudziwa kuti kuno kalata si ya munthu mmodzi. Anabwera onse, ndi osamva omwe. Pa mawu a kukomoka paja anandiumiriza kuti ndibwereze, ndipo ndinabwereza mokondwa. Mwatchuka, alamu. Ife tinkati tatumiza dokotala ku Zomba, osadziwa kuti tatumiza wodwala.

Ntchito pano ndi yodulira tiyi ndi kukumba ngalande mvula isanabwere. Dzuwa likuswa mtengo. Nkhuku zimene mwafunsazo zilipo, koma kabawi akubwera kudzatenga msonkho wake pa anapiye, ndipo iye salandira madandaulo. Denga la nyumba yanu ndaliyang'ana, udzu wa kumbuyo wafumbwa. Ndikufolererani, koma dziwani kuti mkamwini weniweni amafolera yekha.

Mlongo wanga wakhala pambali panga pano. Ndamuuza kuti anene mawu ake, akungokanda pansi ndi chala. Akuti ndilembe kuti ali bwino, kalongonda akusungirani, ndipo mukapeza sopo wa ku chipatala mutumize. Zina akuti sanganene pamaso pa mlongo wake. Ine ndingoonjezera zimene maso anga aona. Masiku ano akutola timango tosakhwima, ndipo amayi amuletsa kusenza nkhuni. Ine ndine mwamuna, sindidziwa kanthu. Inunso simunamve kanthu.

Mlamu wanu,
Blackson


Zomba,
15 Okutobala 1933

Okondedwa a Teleza,

Moni kwa inu ndi onse. Za timango ndamva, ngakhale sindinamve. Ndinasangalala mpaka ndinawiritsa mipeni yowiritsa kale. Kenaka chimwemwe chija chinasanduka mantha nditakumbukira chaka chatha, inu muli m'chikuta masiku osatha, ine panja ngati mlendo. Mwana wathu anabwerera tisanamuone nkhope, ndipo inu munatsala pang'ono kumutsatira.

Mverani zimene ndaona Lachiwiri lapitali. Anabwera naye pa machila mayi wina, wamfupi ngati inu, wochepa m'chiuno ngati inu. Anali atavutika kuyambira dzana lake, milomo itauma, mawu atatha. Bwana Kachetechete anamupima, ndipo kwa nthawi yoyamba chibwerere ine kuno anatembenuka nkundilankhula. Anapinda zala kupanga kabowo, nkuyesa kulowetsamo chibakera cha dzanja linalo. Anati, "Mafupa. Khomo lachepa, mwana wakula. Palibe wolakwa."

Tinamugoneka. Anacheka m'munsi mwa mchombo, osathamanga koma osaimanso, dzanja likungotambasuka ine ndikuikamo chitsulo. Tsiku limenelo palibe chimene chinagwa pansi. Kenaka anapisa manja onse awiri, ndipo ndinaona ndi maso angawa akutulutsa mwana, wotuwa, nkhope itakwinya ngati kapitawo wa pa sikelo. Mwanayo sanalire msanga. Atalira ndinagwedeza nyale mpaka Sisitala anandiponda phazi. Mayi uja lero akumwa phala ndi kukalipira mwamuna wake.

Palibe wolakwa, a Teleza. Chaka chatha anankungwi anakuumirizani kuti muulule amuna amene simunawadziwe, inenso anandipanikiza za akazi, akuti mmodzi wa ife anayenda njira zina nkupinga mwana. Sanali mapinga. Anali mafupa, ndipo mafupawo sanakule chaka chino. Ndawerenga miyezi, nthawi yanu ndi Febuluwale. Mubwere kuno mu Januwale mudzadikirire pafupi ndi manja amenewa. Zikakanika mupite ku chipatala cha ku Makwasa, nakonso ndamva kuti kuli dokotala wong'amba. Koma m'chikuta musakalowenso, ndagwira mwendo wanu.

Ine wanu,
Fabiano

Ndinaiwala. Alamu, kalata iyi muwerengere a Teleza okha, kuseri.


Pa esiteti,
5 Novembala 1933

A Fabiano,

Moni ndikupatsani chifukwa ndi mwambo.

Munthu wophunzira, chenjezo amaika kumchira? Ine kalata sindiiwerenga kawiri, ndimatsegula pamaso pa anthu nkuyamba. Pakamwa panathamanga, mutu unatsalira m'mbuyo. Pamene ndinkafika pa "kuseri" wanuyo ndinali nditang'amba kale mimba pamaso pa amayi anga, anankungwi, ndi ana osavinidwa. Amayi anadziphimba kumutu nkulowa m'nyumba. Akazi anabalalika ngati anapiye. Mlongo wanga anatsala pa mphasa yekha, anthu akumuyang'ana m'chiuno.

Mkamwini amatchula za m'chikuta apongozi akumva? Munakulira kuti? Ndiye mwalengezanso ndi mwezi womwe, kuti aliyense wa mtima woipa adziwe nthawi yotchera. Tsopano anankungwi akuti nkhani yadziulula yokha. Akuti mwamuna amene amakhalira kuyang'ana akazi a eni ali chivulire wapinga kale njira ya mwana wake, ndipo za mafupazi mukungokonzeratu pothawira. Ine sindikuti ndi zoona. Ndikuti ndi zimene zili m'kamwa mwa mudzi, ndipo mwaziikamo ndinu.

Mlongo wanga sapita ku Zomba, sapitanso ku Makwasa. Mwini mbumba ndine. Komanso mwaiwala kuti tikukhala pa dothi la mwini? Mvula ikagwa tiyi sadikira munthu. Bwana wa esiteti wanena pa sikelo kuti chaka chino banja limene lijombe thangata m'miyezi yothyola lilandira notisi yochoka, ndipo kapitawo amene gulu lake liperewere ayamba ndi iyeyo. Amuperekeze ndani? Akamudikirire ndani? Inu muli ndi bedi ku Zomba, ife tikachoka pano tilibe kolowera. Za nkhani imeneyi musandilemberenso.

Sopo wafika.

Blackson


Khonjeni,
17 Disembala 1933

Amuna anga,

Akulemba ndi a Miriam, akazi a aphunzitsi a pa sukulu ya pano, koma mawu ndi anga. Ndawauza kuti alembe mmene ndikunenera, asakonze. Amayi ndawanamiza kuti ndabwera kudzagula mchere. Yankho mutumize kwa a Miriam omwewa.

Mosheliwa, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine ndili bwino, miyendo yokha ndiyo yatupa. Mnzanuyu ndi wa ndewu, amamenya ngakhale ndili m'tchalitchi.

Munandichititsa manyazi, a Fabiano. Ndinakhala masiku osapita kumadzi, ndipo nditapita akazi anangoti zii, mitsuko yokha ikulankhula. Koma manyazi atatha ndinatsala ndi mawu aja oti palibe wolakwa. Chaka chonse ndakhala ndikuyenda ngati wakuba, osadziwa chimene ndinaba. Palibe anandiuzapo mawu amenewo, inu nomwe simunanenepo muli kuno.

Tsono ndifunse, mundiyankhe ngati pamaso pa wansembe. Kodi kuli mkazi ku Zomba? Ngati aliko nenani, anankungwi akuti mankhwala ake alipo munthu akaulula msanga. Sindikwiya. Kukwiya ndidzakwiya nditachira.

Amayi musawade. Amagona pambali panga, ndikangotembenuka iwo adzuka kale. Anaikapo ana awo m'manda, ndipo mpeni amauopa chifukwa sanaonepo munthu wong'ambidwa akuyenda. Achimwenenso musawade, akuonda. Inenso ndikuopa. Ndikuopa chikuta, ndikuopa mpeni, sindikudziwa chimene ndikuopa kwambiri. Kodi zimapweteka? Kodi onse amadzuka? Munthu akagona choncho pakati pa alendo, alipo amene amamugwira?

Mvula yagwa, tiyi waphukira, esiteti yonse yabiriwira mpaka kupweteka maso. Anzanga ali m'mizere ndi madengu kumsana, ine ndimangopalira tinandolo ta kuseri kwa nyumba. Ndikamva sitima ikulira ndimasiya chimene ndagwira. Ndikudziwa kuti simulimo, koma ndimasiyabe. Ndakusowani. A Miriam akuseka, koma alembe.

Ine mkazi wanu,
Teleza


Zomba,
14 Januwale 1934

Okondedwa a Teleza,

Kalata yanu inachedwa panjira, akuti madzi anakokolola njanji. Ndaiwerenga mpaka yayamba kung'ambika m'mapindo. Moni kwa a Miriam, Mulungu awadalitse manja.

Kulibe mkazi ku Zomba. Ndalumbira. Akazi amene ndimawaona amafika ali pakati pa moyo ndi imfa, ndipo munthu sawayang'ana ndi maso amene anankungwi akuganiza. Za manyazi aja pepani. Ndinazolowera chipinda chimene thupi la munthu timalitchula ngati khasu, nkuiwala kuti kalata ikupita kwathu.

Mwafunsa ngati onse amadzuka. Sindikunamizani, si onse. Ambiri mwa amene sadzuka ndi amene anafika mochedwa. Tsiku lotero Bwana Kachetechete amasamba m'manja nthawi yaitali, madzi atayera kale, ndipo ife timatuluka monyang'ama. Kupweteka kumabwera pambuyo, bala likamapola, koma pocheka simumva kanthu. Amakuikani kansalu pamphuno, fungo lake lotsekemera moipa ngati nthochi zoola. Inu muzingopuma.

Ndipo inde, wogwira alipo. Kuyambira Khirisimasi ntchito imeneyo andipatsa ine. Ndimakhala kumutu, ndikudontheza mankhwala pa kansalu, chala chili pa mtsempha wa pakhosi, dzanja lina pachipumi. Bwana sayang'ana nkhope ya wodwala, amayang'ana yanga, ndipo ndikangokwinya amaima. Mayi aliyense ndimamugwira mmene ndikufunira kuti wina adzakugwireni.

Ndinapempha tchuthi. Bwana anandiyang'ana, anayang'ana mabedi odzaza, anthu ena atagona pansi, anati, "Mvula ikatha." Ndinaganiza zongothawa. Koma ndikafika kumeneko ndili mkamwini wotaya ntchito, mawu anga akapepuka kuposa mmene apepukiramu, ndipo manja amene angakupulumutseni si angawa. Ndimangodziwa kuima kumbuyo.

Tsono gwirani ichi. Matenda akayamba, dzuwa nkulowa nkutulukanso mwana asanaoneke, musadikirenso za anankungwi. Fuulani dzina la achimwene anu, alimve ngakhale ali kumunda. Ine anandikanira pa pepala. Inu sindikhulupirira kuti angakukanireni.

Ine wanu yekhayo,
Fabiano


Zomba,
4 Malichi 1934

A Miriam, a Teleza, alamu, aliyense amene atsegule,

Febuluwale watha ndipo kuno sikunafike kanthu. Wamtokoma akangondiona amayamba kupukusa mutu ndisanafunse. Ndimafunsa aliyense wochokera ku Thyolo, ndi odwala omwe.

Dzulo anandibwezera ku zitsulo, ndipo ndinapatsa Bwana chopanira m'malo mwa lumo. Sanachigwetse. Anachigwira, nkundiyang'ana, anati, "Palibe mawu?" Ndinati palibe. Anapitiriza kusoka.

Ngati ndi zoipa ndiuzeni. Zoipa ndaziona zambiri, sindikomokanso. Kukhala chete kwanuku ndiko kukundipha.

Fabiano


Pa esiteti,
18 Malichi 1934

Alamu,

Pumani. Onse awiri ali moyo. Ndaika pamwamba kuti muphunzire kalembedwe.

Sindinalembe msanga chifukwa mlongo wanga anatentha thupi kwa masabata pambuyo pake, ndipo sindinafune kulemba ndisanadziwe cholemba. A Miriam ndinawaletsa ndine.

Zinayamba Lachitatu. Ine monga mwamuna ndinapita ku ntchito ngati sindikudziwa kanthu. Lachinayi chimodzimodzi, ndikukalipira anthu pa masamba okhwima, makutu ali kumudzi. Dzuwa lili pamutu, mvula ikuwaza, ndinaona amayi akubwera pakati pa mizere ya tiyi, opanda mpango kumutu. Amayi amene amaopa ngakhale galu wa bwana anadutsa pa sikelo mwini galuyo ali pomwepo. Anaima patsogolo panga, anati, "Wasiya kuitana ine. Akuitana iwe."

Alamu, sindinaganize. Ndikanaganiza sindikanachita. Ndinatchula amuna anayi amiyendo a m'gulu langa, madengu anatsala m'mizere masamba akunyowa. Bwana anafuula dzina langa, ine ndinamva ngati akuitana Blackson wina. Tinadula nsungwi, tinamangirira bulangete, ndipo ndinalowa m'chikuta ine mwamuna, anankungwi akukuwa. Zimene ndinaona sindilemba. Njira ya ku Makwasa mukuidziwa mmene imakhalira dzinja, zitunda ndi matope okhaokha. Tinkasinthana mapewa osatsitsa. Amayi anathamanga pambali pa machila njira yonse atagwira phazi la mwana wawo.

Dokotala wa kumeneko ndi wolankhula, si ngati wanuyo. Anatifunsa kuti tinali kuti dzulo, sanadikire yankho, anatseka chitseko. Tinakhala pa khonde, amayi akuyang'ana chitsekocho osaphethira, mpaka tinamva kulira. Ndi wamkazi, wa mutu waukulu ngati bambo wake. Za mafupa zija akuti ndi zomwezo. Anankungwi akuti mwina munaulula mumtima. Asiyeni.

Ukapitawo wandithera. Notisi yabwera ya banja lonse, ine, amayi, ndi nyumba yanu. Akuti tikangokolola tichoke. Amuna anayi aja ndinawapepesera, awadula matikiti a malipiro okha. Musandithokoze, mungandikwiyitse. Koma ngati kumeneko akufuna munthu wogwira nyale amene sakomoka, ndilipo.

Mlamu wanu,
Blackson


Chimaliro,
20 Meyi 1934

Amuna anga,

Moni kuchokera kwa ine ndi mwana wanu. Kalata yoti akupatsani tchuthi mu Juni tailandira. Lero akulemba ndi achimwene. Munthu amene anandinyamula m'chikuta ndimubisirenso chiyani?

Bala lapola, limangoyabwa kukazizira. Zimene anandichita sindikufotokozerani, mukuzidziwa kuposa ine amene ndinagona. Chimene ndikukumbuka ndi dzanja la munthu pachipumi panga. Nkhope sindinaione. Ndinatchula dzina lanu, ndipo munthuyo anavomera.

Mukatsika sitima pa Khonjeni musakhotere njira yathu ija, kulibe munthu. Nyumba imene munamanga anaigwetsa titangochoka. A Miriam akuti akumba kale maenje, mvula ikubwerayi adzalapo tiyi. Chitseko chokha ndicho achimwene anasenza. Mufunse njira ya ku Chimaliro, kwa amayi aang'ono a Betty, kuseri kwa tchalitchi cha udzu. Tili m'kanyumba kamene kanali kosungiramo nkhuni, koma tazira bwino. Malo amene atipatsa ndi amiyala. Achimwene akuti miyala siithamangitsa munthu.

Amayi za kwathu sazitchula. Akamapeta amangotembenukira kumene kuli esiteti, mankhusu nkumawabwerera kumaso. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati ine ndi kamwanaka tikukwanira pa zonse zimene anthuwa ataya. Ndinawafunsa tsiku lina, anangonditengera mwana nkumubereka. Dzulo afunsa ngati mkamwini wawo amadya zokwanira ku Zombako.

Mwana sitinamutche dzina, tikudikira inu. Koma akazi a kuno ayamba kumuitana Wakumpeni, ndipo m'mawa uno atamuitana choncho anatembenuka. Fulumirani, a Fabiano, asanazolowere.

Ine mkazi wanu,
Teleza